Mukufuna khoti limuchotse ubambo? Yambani mwasiya kukatseka milandu

Mayi a ku Tsangano mwafunsa kuti bambo wa mwana wanu wazaka 9, amene munasiyana naye, amamumenya ndi lamba mpaka mabala akapita kukacheza, ndiye mukufuna khoti lilembe kuti si bambo wakenso. Kuno ku Malawi ubambo sufufutika chonchi ayi, umatheratu mwana akatengedwa ndi anthu ena mwa adoption. Chomwe khoti la ana lingachite pansi pa Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 ndikulamula kuti mwana azikhala ndi inu, bamboyo aletsedwe kumutenga kapena azimuona pali munthu wina, ndipo ndalama ya chisamaliro azipereka ndithu, kumenya mwana sikumuchotsera udindo umenewo.

Koma chandidetsa nkhawa ndi chomwe mwangotchula modutsa, kuti chaka chatha munapita ku Victim Support, ofesi ya kupolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kenako ankhoswe ndi atsibweni ake a mwana anakuuzani kuti za m'banja sizipita kuboma, ndiye munakatseka mlanduwo. Apa ndi pomwe milandu yambiri ndaiona ikufera. Mukafika pamaso pa majisitireti, mbali inayo imangotulutsa kalata ija munasayina kuti takambirana tagwirizana, nkufunsa kuti ngati zinali zoopsa munatsekeranji, ndipo munamutumiziranji mwanayo holide yotsatira? Mabala anapola kalekale, lipoti la kuchipatala palibe, zatsala ndi mawu anu ndi mawu ake basi. Ankhoswe aja tsiku la khoti sabwera, amati ali kudimba akukumba mbatata. Apolisi enanso amathamangira kuyanjanitsa ngati nkhani ya mbuzi yadya chimanga, pomwe kuvulaza mwana ndi mlandu.

Sindikunena kuti mwaluza, khoti limayang'ana chomwe chili chabwino kwa mwana ndipo likhoza kumva mwanayo payekha, koma sindingakulonjezeni kuti bamboyo aletsedweratu, mwina angomuikira malire.

Akabweranso ndi bala, tsiku lomwelo kupolisi, tengani kalata yopita nayo kuchipatala, adokotala alembe lipoti, jambulani zithunzi pa foni ndipo sungani buku lake la kuchipatala. Pitani ku ofesi ya Social Welfare pa boma la Ntcheu, lipoti lawo majisitireti amaliwerenga kwambiri, akakuuzani kuti galimoto ilibe mafuta bwereraninso, lembani tsiku lililonse lomwe mwapita. Pemphani protection order, chilamulo choletsa munthu kuchita nkhanza, kukhoti pansi pa lamulo la nkhanza za m'banja la 2006, yongoyembekezera imatha kutuluka mlandu usanamvedwe wonse. Aphunzitsi ake ngati anaona mabala, afunseni ngati angachitire umboni. Loya ngati ndalama palibe kuli Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza ndi maloya, ndipo 116 ndi nambala yaulere ya nkhani za ana.

Pepala lililonse lomwe achibale abwere nalo kuti musayine, likaonedwe kaye ndi loya.