Mukufuna katswiri wa chitetezo cha makompyuta, koma ndani amulere?

Amayi ena amene amalemba anthu ntchito pa kampani yobwereketsa ndalama muno mu Lusaka andilembera imelo. Akuti analengeza ntchito ya injiniya wa chitetezo cha makompyuta koma woyenera sakupezeka, ndiye akufunsa ngati n'kwanzeru kuphunzitsa mnyamata wawo wa IT, poti akuopa kuti akadziwa ntchito adzawathawa.

Amayi, funso lanuli landikhudza pamtima. Ndawerenga chilengezo chimene munanditumizira. Mukufuna munthu wa CISSP, satifiketi yapamwamba ya akatswiri a chitetezo cha makompyuta. Kodi mukudziwa kuti satifiketi imeneyi imafuna kuti munthu akhale atagwira ntchitoyi zaka 5? Munthu wotere ali kale ku banki yaikulu, kapena wakhala kunyumba kwake ku Woodlands akugwirira kampani ya ku London n'kumalandira ndalama zakunja. Malipiro amene mwalembawo sangamudzutse pampando.

Ine ndinayambira pa help desk. Ntchito yanga inali kuchotsa mapepala otsakamira mu printer ndi kusinthira anthu ma password amene aiwala. Usiku, magetsi akakhalapo, ndinkadziphunzitsa pa laputopu yakale Wireshark ndi Kali Linux, mapulogalamu oonera zodutsa pa netiweki ndi oyesera chitetezo cha makompyuta. Tsiku lina ndinaona kompyuta ya ku ofesi ya ndalama ikutumiza zinthu ku seva yachilendo pakati pa usiku, muofesi mulibe munthu. Ndinathamangira kwa abwana mtima uli m'mwamba. Anandiuza kuti ndisamalire ma printer. Pambuyo pake nditapempha kuti andilipirire mayeso a Security+ (satifiketi yoyambira ya chitetezo cha makompyuta), anati, "Ukakhoza udzatisiya." Ndinasunga ndalama ndekha, ndinalemba, ndinakhoza, ndipo ndinachokadi. Akanandilipirira ndikanakhala, chifukwa malowo ndinkawakonda.

Achinyamata onga mmene ndinalili ine ndi ambiri. Chaka chilichonse UNZA, Copperbelt University ndi Mulungushi amatulutsa ana odziwa makompyuta, ife n'kuwauza kuti alibe experience. Aipeza kuti? Mu April 2024 akuluakulu a chitetezo anagwira anthu 77 ku Roma, dera la muno mu Lusaka, pa kampani imene inkabera anthu pa intaneti. Ambiri anali achinyamata a Zambia amene analembedwa ngati ogwira ntchito ya call centre. Zigawenga zinawalemba ntchito n'kuwaphunzitsa. Zimandipweteka kwambiri kuti akuba ali ndi mtima wophunzitsa ana athu pamene makampani olungama akudikira munthu wakupsa kale.

Ndipo musaganize kuti kampani yanu ndi yaing'ono moti sangaione. Mu May 2022 gulu la akuba pa intaneti lotchedwa Hive linalowa m'makompyuta a Bank of Zambia ndi ransomware, pulogalamu yotsekera mafailo kuti mwini wake alipire dipo, bankiyo n'kukana kulipira dipo. Kwathu ku Malawi, kumayambiriro kwa 2024, kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata chifukwa cha chiwembu pa makompyuta a Immigration, anthu ofuna kuyenda n'kusowa pogwira. Inu mukusunga manambala a NRC (ziphaso za unzika), mafoni ndi ngongole za anthu, ndipo lamulo la Zambia loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021, limati udindo woteteza zimenezi ndi wanu. Ndinene mosabisa: bwana amene amakana kuphunzitsa wantchito wake poopa kuti achoka sakuyenera kusunga zinsinsi za anthu. Mnyamata wanuyo amadziwa kale chingwe chilichonse muofesimo, amadziwa amene amalemba password papepala n'kumata pansi pa keyboard. Katswiri wochokera kunja zimenezi zidzamutengera miyezi.

Ndiye muchite chiyani?

Muphunzitseni. Choyamba mupatseni ma log a seva yanu, zolembedwa zosonyeza zimene zakhala zikuchitika pamakinawo, mumufunse chimene akuona chachilendo. Wachidwi amaoneka pomwepo. Mulipirireni Security+ ndi TryHackMe (webusaiti yophunzirirapo chitetezo cha makompyuta), mumupatsenso tsiku limodzi pa sabata loti aziphunzira osaitanidwa ku printer. Lembani pangano loti akachoka zaka 2 zisanathe abweze gawo la ndalamazo, ndipo akakhoza mumukwezere malipiro mwezi womwewo. Kamodzi pachaka itanani kampani yakunja idzayese kuthyola makina anu, iyeyo akhale pambali pawo akuonerera. Chilengezo cha CISSP chija chichotseni.