Mwanapiye wa zala zopindika ndi miyendo yotayana: mumangeni lero

Mayi wina watilembera imelo za mwanapiye wawo wa masiku awiri amene anaswa m'makina oswetsera mazira. Akuti zala za phazi lamanzere zafumbatana, miyendo yatayana uku ndi uku, ndipo akafuna kuyenda amangopalasa, chifuwa chili pansi, anzake n'kumamuponda. Akufunsa ngati angachire.

Mayi, angachire, bola muyambepo lero. Masiku atatu kapena anayi oyamba mafupa ndi mitsempha ya mwanapiye zimakhala zanthete, ndipo zimakhwimira mmene mwaziikira. Sabata ikadutsa mwayi umachepa kwambiri.

Musanagwire mwendo, onani pomwe akuponda. Nyuzipepala, pulasitiki ndi katoni yosalala zimaterera, ndiye miyendo imathawira m'mbali mpaka minofu imazolowera. Yalani thaulo lakale kapena zopalapala za matabwa zouma. Utuchi wosalala ngati ufa ayi, anapiye amaudya. Mukamanga mwendo koma pansi n'kukhalabe poterera, mwangodzivuta.

Tsopano miyendo. Tengani pulasitala wa pabala, uja wokhala ndi kathonje pakati, mumudule m'litali kuti atsale sentimita imodzi m'lifupi. Mbali imodzi ikulungeni pa mwendo wina, pakati pa bondo ndi phazi, mbali inayo pa mwendo winawo. Kathonje kaja katsale pakati ngati mlatho. Mpata wake ukhale masentimita awiri ndi theka kapena atatu, mofanana ndi mmene mwanapiye wabwinobwino amaimira; yang'anani mnzake wamsinkhu womwewo kuti muyerekeze. Mpata ukachepa azingogwa chammbali, ukakula simunakonze kanthu. Musagwiritse ntchito ulusi kapena mphira yopyapyala, zimadula khungu ndi kutseka magazi. Pulasitala azitha kuzungulira pang'ono pa mwendo, ndipo asamatirire nthenga.

Maola oyamba azigwa ndi kulira. Muimikeni ndi dzanja kangapo pa tsiku, mapazi ataponda pansi, kapena mumuike m'kapu yaing'ono yoyala kansalu kwa mphindi zochepa kuti azidzikankha ndi miyendo. Tsiku lililonse masulani, muone ngati waima yekha, n'kumanganso ndi pulasitala watsopano, chifukwa mwendo ukukula msanga. Ambiri amaongoka pa masiku atatu mpaka asanu.

Phazi lofumbatana limafuna kansapato. Dulani kakatoni kopyapyala kokula ngati phazi lotambasula. Gonekani phazi pamenepo, zala zitatu kutsogolo zitatalikirana, chachinayi kumbuyo. Ziongoleni pang'onopang'ono, chala chikakana musachikakamize, mawa chidzalola kuposa lero. Matani pulasitala pamwamba, mudule zotsala m'mbali kuti asakodwe, ndipo kunsi kwa katoniko matani kachidutswa kena kuti kasaterere. Sinthani kansapatoka tsiku ndi tsiku, kwa masiku awiri mpaka anayi. Pomatula donthezani mafuta ophikira pa guluu, khungu la zala limang'ambika mosavuta. Zala zikatupa, kuzizira kapena kuda, mwathinitsa: masulani nthawi yomweyo.

Apa ndi pomwe anapiye ambiri omangidwa amafera, osati ndi mwendo koma ludzu, kuzizidwa ndi kumira. Mpatuleni ndi kawaya mkati mwa bokosi lomwelo kuti aziona anzake, kapena mumuikire mnzake mmodzi wofatsa, chifukwa mwanapiye wayekha amalira n'kusiya kudya. Kutentha kukhale madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba, ndipo poti sangathe kudzisuntha bwino, musamuike pansi penipeni pa nyale yotenthetsera. Madzi akhale m'kambale kosazama, muikemo timiyala. Maola awiri kapena atatu aliwonse viikani nsonga ya mlomo wake m'madzimo. Musamuthire madzi m'kamwa, amalowa m'mapapo. Madzulo gwirani chithokomiro kuti mudziwe ngati wadya.

Chakudya chikhale cha anapiye chokhala ndi puloteni 18 mpaka 20 pa 100 alionse. Cha nkhuku zoikira chili ndi kashiamu wambiri amene amawononga impso za mwanapiye. Zala zopindikira mkati nthawi zambiri zimasonyeza kuchepa kwa vitamini B2, riboflavin, kaya mwa iyeyo kaya mwa thadzi lomwe linaikira dzira. Gulani mavitamini a nkhuku osungunula m'madzi, muonetsetse kuti B2 alimo, mutsate muyezo wa papaketi. Sakanizani atsopano tsiku lililonse ndipo musawaike padzuwa, chifukwa kuwala kumawononga riboflavin. Kadzira kowiritsa kophwanyaphwanya kamathandizanso.

Pali chinthu chimodzi chomwe imelo yanu sinanene, ndipo tikupempha muchione. Gwirani kumbuyo kwa bondo. Ngati latupa, laphwatalala, mwendo wapotokera kunja ndipo sautambasula, mtsempha waukulu wachoka m'kanjira kake. Zimenezi zimayenderana ndi kuchepa kwa michere ya m'chakudya yotchedwa manganese, choline kapena biotin, ndipo pulasitala wa pakati uja sathandiza. Mukazindikira msanga, mtsempha umatheka kuubwezera mwa kutambasulira mwendo kumbuyo pang'onopang'ono n'kuukankha ndi chala, koma umakonda kuchokanso. Apa pitani kwa dokotala wa ziweto. Bondo likayamba zilonda, mwanapiye osadya, sabata n'kutha popanda kusintha, kumusunga n'kumuzunza, ndipo dokotalayo angakuthandizeni kumupumitsa mosamupweteka.

Wanuyu akaongoka, ngakhale chala chimodzi chitatsala chokhota adzayenda ndi kudya bwinobwino. Mudzangomuikira pogona potsika. Koma musadzaswetse mazira ake, chifukwa zina mwa zolumala izi ndi zakumtundu. Ndipo ngati olumala ali angapo pa gulu limodzi, yesani makina anu ndi choyezera kutentha china: pakhale madigiri 37.5 osasinthasintha, chinyezi 50 mpaka 55 pa 100 masiku 18 oyamba, kenako 65 mpaka 70 masiku atatu omaliza. M'thireyi yoswera ya m'makinamo muyalemo kansalu kokhakhala tsiku la 18 lisanathe.