Kodi K24 miliyoni ya penshoni yandisandutsa mpondamatiki?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo ena a ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, amene akhala akugwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina ku Luwinga ndipo akupuma chaka chamawa ali ndi zaka 60. Akuti chikalata cha penshoni chikuonetsa K24 miliyoni. Nkhaniyi inawapulumuka pakamwa pa maliro kumudzi, ndiye pano alamu ndi adzukulu akungowatchula kuti miliyoneya. Mafunso awo ndi awiri: kodi iwo ndi miliyoneya ndithu? Nanga ndalamazo agule Sienta yoti izinyamula anthu pakati pa Mzuzu ndi Ekwendeni, kapena amange zipinda zoti azichitamo lendi ana a ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni)?

Bambo, tikangoyang'ana manambala, eya, ndinu miliyoneya. Koma mnyamata wa kabaza amene njinga yamoto ndi yakeyake ndi miliyoneyanso. K1 miliyoni ndi mapepala 200 a K5,000, ndalama ija inatuluka mu 2022, ndipo amakwana m'thumba la jekete osatukumula. Pa mtengo wa ku banki wa mu 2024, pafupifupi K1,750 pa dola imodzi, miliyoni yathuyi sifika n'komwe madola 600. Ku America akamatchula munthu kuti miliyoneya amakhala akunena za madola, ndipo sayang'ana malipiro ake a pamwezi. Amaphatikiza mtengo wa zonse zimene ali nazo, nyumba, masheya, za ku banki, n'kuchotsapo ngongole zonse. Chotsalacho chikakwana madola 1 miliyoni, ameneyo ndiye miliyoneya. M'makwacha ndiye kuti K1.75 biliyoni. Auzeni alamu anuwo akhazike mtima pansi.

Kawerengedwe kameneka nkabwino ndipo mukachite usiku uno limodzi ndi mayi a kunyumba. Lembani nyumba ngati ndi yanu, munda, ziweto ndi penshoniyo, kenaka chotsani ngongole ya ku SACCO, ya ku banki mkhonde, ndi ya katapila ngati ilipo. Anthu ambiri amadabwa akamaliza. Bwana woyendera galimoto ya ngongole ku Katoto atha kutsalira kwa mayi wogulitsa zitenje ku msika wa Taifa amene malo ndi katundu yense ndi zake.

Tsopano pa K24 miliyoni yanuyo. Choyamba, siyonse imene idzafike m'manja mwanu. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, lija linakakamiza abwana kusonkha 10 peresenti ndi wantchito 5 peresenti ya malipiro, linkalola munthu kutenga 40 peresenti pakamodzi akamapuma. Lamulo latsopano la 2023 linakweza gawoli kufika 50 peresenti. Choncho yembekezerani K12 miliyoni, theka linalo lizibwera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Ngati pakhomo panu pamatha K400,000 pamwezi, K12 miliyoni ndi miyezi 30 basi, zaka ziwiri ndi theka. Munthu wa zaka 60 wosadwaladwala atha kukhala ndi moyo zaka zina 20. Ine nambala imene ndimafuna munthu wopuma pa ntchito aziidziwa pamtima ndi imeneyi, ya miyezi.

Ndipo miyezi 30 imeneyo ndawerenga ngati kuti mitengo ya zinthu yaima, pomwe siiima. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mu 2023 ndi 2024 mitengo inkakwera ndi oposa 25 peresenti pachaka. Mitengo ikamakwera ndi 30 peresenti chaka chilichonse, ndalama yongokhala imataya theka la mphamvu zake zaka zitatu zisanathe. Kuisiya mu akaunti wamba ya ku banki kuli ngati kusunga chimanga m'nkhokwe osathira mankhwala: matumba amaoneka omwewo, koma anankafumbwe ali pa ntchito. Phindu lililonse limene akulonjezeni, mulichotsere kukwera kwa mitengo komanso msonkho musanasangalale.

Za Sienta ndinena mosapsatira: ayi. Galimotoyo idzameza gawo lalikulu la ndalama zanu tsiku limodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtengo wake uzingotsika. Woyendetsa adzakhala mwana wa mlongo wanu amene simungathe kumuchotsa ntchito. Mafuta akasowa galimoto imagona pamzere, ndalama ya tsikulo yapita. Giyabokosi ikafa, mukonzera ndalama ya ndiwo. Amene amapindula ndi matakisi ndi amene amayendetsa okha kapena ali ndi angapo moti imodzi ikafa zina zimaidyetsa. Inu mwagwira ntchito ya m'sitolo moyo wanu wonse, bizinesi ya pamsewu mungaiphunzire ndi ndalama zimene simungathenso kuzibweza.

Zipinda za ophunzira nzabwinoko, chifukwa lendi mumatha kuikweza mitengo ikakwera, ndipo njerwa siziwola. Koma funso ndi lakuti, kodi poloti muli nayo kale kufupi ndi sukuluyo, ndi mapepala ake omveka bwino? Ngati mulibe, malo okha adya theka la ndalamazo, simenti ndi malata n'kumaliza zotsala, inu n'kutsala ndi chigoba chofika pamawindo. Zigoba zoterezi mwaziona nokha m'makwalala a mzinda uno, ndipo zina ndi za anthu a penshoni. Kumbukiraninso kuti sukulu ikatseka zipinda zimakhala pululu. Ngati poloti ilipo, mangani zipinda ziwiri kapena zitatu, zithe, madzi ndi chimbudzi zikhalepo, alowemo anthu. Zinazo lendiyo idzamanga yokha.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kubweza ngongole zonse, chifukwa palibe malo amene angakupatseni phindu loposa chiwongoladzanja chimene katapila akukudyerani. Kenaka ndikanapatula ndalama ya miyezi 6 ya pakhomo ndi ya matenda, ikhale poti nditha kuitenga msanga. Gawo lina ndikanabwereketsa boma kudzera m'ma Treasury bill a Reserve Bank of Malawi, amene amakhwima pa masiku 91, 182 kapena 364. Banki yanu konkuno ku Mzuzu ikhoza kukufotokozerani kaguliridwe kake. Gawo limene sindidzalifuna kwa zaka 5 kapena kuposerapo ndikanagula masheya pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, kumene kuli makampani ngati National Bank, Standard Bank, Illovo, Airtel, TNM ndi Press Corporation. Masheya amagulidwa kudzera mwa stockbroker wovomerezeka, amene ntchito yake ndi kugulira ndi kugulitsira anthu masheya, osati mwa mnyamata wa pa WhatsApp. Mitengo yake imakwera komanso imatsika, choncho musaike zonse pa kampani imodzi, ndipo ngati kusankha kukukuvutani, unit trust, thumba limene anthu ambiri amasonkhamo ndalama, imakusankhirani pamalipiro ochepa. Aliyense wolonjeza kuti ndalama yanu ibereka kawiri pamwezi umodzi, mumupatse moni n'kudutsa.

Theka lotsalira ku penshoni lija musasayinire mothamanga. Afunseni a kampani ya penshoni ngati ndalama ya pamweziyo izikwera chaka ndi chaka kapena ikhala yomweyo mpaka kale, komanso ngati mayi adzapitiriza kulandira inu mutatsogola. Onaninso fomu ya olandira ndalama zanu mukadzamwalira, chifukwa ambiri anailemba asanakwatire ndipo pakadali dzina la malume.

Nanga abale aja? Kuwakaniratu simungathe, tonse tikudziwa mmene mudzi umakhalira. Gwirizanani ndi mayi kuchuluka kwa ndalama yothandizira abale cheke chisanatuluke, muiike pambali, ikatha yatha. Wobwera pambuyo pake mudzamuuze zoona, kuti zotsalazo zili ku boma ndipo zituluka pakatha masiku 364.