Za kuonetsa achinyamata kanema wa Al Capone

Mayi, mwafunsa ngati kanema wa The Untouchables wa mu 1987 ndi woyenera achinyamata a kutchalitchi kwanu. Mukhoza kuwaonetsa, bola akhale oti anakwanitsa zaka 18, ndipo asabalalike musanakambirane nawo zimene aonazo.

Nkhaniyi inachitikira ku Chicago panthawi imene dziko la America linaletsa mowa, kuyambira mu 1920 mpaka 1933, pamene Al Capone ankalemera ndi mowa wozembetsa uku apolisi ndi andale ambiri akudya naye. Za ziphuphu sizivuta kuziona: khansala wina akubwera ndi envelopu ya ndalama ku ofesi ya Eliot Ness, wapolisi wa boma amene akutsogolera gulu losaka Capone, Ness n'kumugenda nayo. Nditaonetsa gulu lathu, pamenepa onse anaomba m'manja. Chimene chinatitengera nthawi ndi Ness yemweyo, amene akuyamba ngati munthu wolemekeza lamulo, koma pamapeto pake akukankha Frank Nitti, chigawenga cha Capone, kuchokera padenga la khoti atamugwira kale, kenako n'kuopseza woweruza milandu ndi bodza. Opanga kanemayu amafuna kuti timuyamikire, koma ine sindigwirizana nazo. Muwafunse achinyamatawo ngati wapolisi wotero akusiyana ndi chigawenga chimene akuchisakacho.

Muwauzenso kuti zina n'zopeka: Nitti weniweni sanaphedwe ndi Ness, anamwalira mu 1943, ndipo Capone anapezeka wolakwa mu 1931 pa mlandu wozemba msonkho, umene anaufufuza kwambiri ndi akuluakulu a zamisonkho.

M'kanemayu muli magazi ambiri, kuphatikizapo kamtsikana kofa ndi bomba koyambirira kwenikweni. Ngati wina amene anakumanapo ndi zachiwawa ayamba kulephera kugona kapena kuchita mantha, mupite naye kwa mlangizi wa zamaganizo kuchipatala.