Kuchokera ku ntchito yothandiza ana kupita ku yunivesite

Mwafunsa ngati zaka zimene mwagwira ntchito ndi ana olakwira malamulo zingakufikitseni pa uphunzitsi wa ku yunivesite. Zithandiza ndithu, poti mukudziwa kale kumvetsera mwana wosakhulupirira aliyense, koma pazokha sizikwana. Mayunivesite ambiri amafuna digiri yachiwiri ya masitazi, kenako digiri yapamwamba ya kafukufuku ya PhD, ya zaka 3 kapena kuposerapo, ndiponso zofufuza zanu zisindikizidwe m'magazini a akatswiri.

Poyambira, muwerengeko za Edwin Sutherland, katswiri wa ku America wofufuza za kuphwanya malamulo, amene mu 1939 anatsindika kuti ovala mataye nawonso amaba, si amphawi okha ayi.

Mukamachita kafukufuku ku ndende, chochedwetsa kwenikweni ndi chilolezo. Musanafunse mkaidi kanthu, komiti yoteteza ofufuzidwa ivomereze kaye, akuluakulu a ndende nawonso. Mkaidiyo akakana, basi, mutseke kope lanu n'kubwerera.