Mnzanga sanatsegulepo Baibulo, ndiyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mlongo wina amene amawerenga zomwe ndimalemba. Kuntchito kwawo kuli mayi wina amene anakulira m'banja losadziwa za Chikhristu, sanagwirepo Baibulo, ndipo dzina la Yesu amangolimvera patali. Tsiku lina pa nthawi yopuma mayiyo anafunsa kuti, "Kodi Yesu wanuyu anachita chiyani kuti muzimukonda chonchi?" Mlongoyu anayankha kuti Yesu anatiwombola ndi mwazi wake, ndipo munthu ayenera kubadwanso mwatsopano. Mnzakeyo anangomuyang'ana, n'kuyamba nkhani ina. Tsono funso la mlongoyu ndi ili: "Ndinalakwitsa pati? Nanga akadzafunsanso, ndidzayambire pati?"

Achemwali, musadziimbe mlandu. Zimene munanenazo ndi zoona. Kungoti mawu monga kuwomboledwa, mwazi, chisomo ndi kubadwanso amatikhudza ife chifukwa tinawamva kuyambira tili ana, ndipo kumbuyo kwake kuli nkhani zambiri: mwanawankhosa wa Paskha, nsembe za m'kachisi, malonjezo a aneneri. Mnzanuyo nkhani zimenezi alibe. Iye akamva za mwazi amaganiza za ngozi kapena za kuchipatala. Kumbukirani kuti ngakhale Nikodemo, mphunzitsi wa Malemba, anabalalika ndi nkhani ya kubadwanso, mpaka anafunsa ngati munthu wamkulu angalowenso m'mimba mwa amayi ake. Ngati zinamuvuta Nikodemo, kuli bwanji munthu amene sanamvepo za Mose?

Chimene chinandithandiza ine pa nkhaniyi ndi kuwerenga maulaliki atatu a Paulo motsatizana. Pa Machitidwe 13 ali m'sunagoge ku Antiokeya wa ku Pisidiya, pakati pa anthu odziwa Malemba. Kumeneko akuyambira pa kutuluka kwa Aisraeli ku Iguputo, kudutsa pa oweruza, Sauli ndi Davide, n'kumatchula Masalimo. Pa mutu 14 ali ku Lustra, kwa anthu amene ataona wolumala akuyenda anayesa Barnaba ndi Zeu ndipo Paulo ndi Herme, milungu yawo. Kwa amenewa sakutchula Davide n'komwe. Akuwauza za Mulungu wamoyo amene analenga kumwamba, dziko ndi nyanja, amene amawagwetsera mvula ndi kuwapatsa zokolola pa nyengo yake. Anayambira pa zinthu zimene anthuwo ankaziona chaka ndi chaka.

Ndiye pali Atene, pa mutu 17, ndipo pamenepa ndimakonda kukhalitsapo. Asanatsegule pakamwa pa bwalo la Areopagi, Paulo anali atayendayenda mumzinda kuyang'ana zimene anthu ankapembedza. Mafano anamupweteka mtima, Malemba akutero. Koma ataimirira sanayambe ndi kunyoza. Anawauza kuti waona kuti ndi anthu opembedza kwambiri, ndipo anatchula guwa limene analipeza lolembedwa kuti ndi la Mulungu wosadziwika. Anagwiritsanso ntchito mawu a alakatuli awo omwe, onena kuti ife ndife mbadwa zake za Mulungu. Taganizani: munthu amene anaphunzira pa mapazi a Gamalieli, mphunzitsi wotchuka wa Ayuda, analalikira ulaliki wonse osawerenga mawu a Mose kapena a mneneri aliyense, chifukwa omvera ake sakanawazindikira. Komabe uthenga sanausungunule. Anafika pa kulapa, pa tsiku la chiweruzo, ndi pa munthu amene Mulungu anamuukitsa kwa akufa. Poyambira anasintha, koma kumene amapita sikunasinthe.

Choncho ntchito yanu yoyamba ndi kuyendayenda mu Atene wa mnzanuyo, ndiko kuti kumufunsa ndi kumumvetsera. Safunsa anadya phula. Anthu ambiri timaganiza kuti munthu wosadziwa Chikhristu ndi mbiya yopanda kanthu yongodikira kuti tithiremo madzi, pamene iye ali kale ndi zimene amakhulupirira za imfa, za chabwino ndi choipa, za chimene chimachititsa mavuto. Mwina ali ndi chipembedzo china chimene amachikonda chifukwa ndi cha amayi ake. Mwinanso Mkhristu yekhayo amene anakumanapo naye anamuchitira zoipa. Simungadziwe musanafunse. Filipo atapeza mdindo wa ku Aitiopiya akuwerenga Yesaya m'galeta, anayamba ndi funso, ndipo anakwera galetalo ataitanidwa.

Mukamvetsera, yankhani funso limene wafunsa. Iye anafunsa kuti Yesu anachita chiyani, inu munamuyankha ndi chiphunzitso. Mukadamuuza nkhani. Muuzeni kuti kunali munthu wa ku Nazarete amene anakhudza wakhate amene aliyense ankamuthawa, amene ankadya ndi okhometsa msonkho odedwa ndi mtundu wonse, amene anayang'ana anthu ofuna kuponya miyala mkazi wogwidwa m'chigololo n'kuwauza kuti wopanda tchimo ayambe ndiye. Muuzeni kuti anaphedwa pa mtanda pansi pa ulamuliro wa Pontiyo Pilato, kuti ali pamtandapo anapempherera omupha, ndipo kuti ophunzira ake, amene anathawa ndi mantha, pambuyo pake anachitira umboni kuti anamuona wamoyo ndipo sanaubweze umboniwo ngakhale pomenyedwa ndi kutsekeredwa m'ndende. Nkhani yotere munthu amaimva ngakhale asanalowepo m'tchalitchi. Mawu aja a mwazi ndi kuwomboledwa adzapeza pokhala pambuyo pake, akadzafunsa yekha kuti nanga munthu wabwino chotere anaferanji.

Akaonetsa chidwi, musamupatse Baibulo lonse kuti ayambire ku Genesis, chifukwa ambiri amakatopera ku Levitiko. Uthenga wa Marko ndi waufupi pa mabuku onse anayi a Uthenga Wabwino, uli ndi mitu 16 yokha, ndipo nkhani yake imathamanga. Werengani naye mutu umodzi, mumufunse chimene chamudabwitsa. Luka 15, nkhani ya mwana wolowerera, imalowanso mosavuta, pakuti aliyense amadziwa za mwana wochoka pakhomo ndi kholo lodikira.

Pali zinthu zimene ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musachite. Musamulonjeze kuti akalandira Yesu matenda, ngongole ndi mavuto a m'banja zidzatha, pakuti Yesu mwini sanalonjeze zimenezo, ndipo munthu wolowa chifukwa cha lonjezo labodza amadzatuluka ndi bala. Musanyoze chikhulupiriro cha makolo ake. Ndipo ubwenzi wanu usakhale nyambo. Munthu amadziwa msanga ngati mukumukonda iye kapena mukungofuna kuwonjezera dzina pa anthu amene mwawatembenuza. Akadzati sakufuna kumvanso, mulemekeze, ndipo mawa mudzamupatse moni ndi nkhope yomweyo. Petro analemba pa 1 Petro 3:15 kuti tikhale okonzeka kuyankha wotifunsa za chiyembekezo chathu, koma mofatsa ndi mwaulemu. Akakufunsani chinthu chokukanikani, monga chifukwa chimene Mulungu amalolera ana kuvutika, musapeke yankho. Nenani kuti nanunso funsolo limakulemerani.

Za nthawi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmishonale William Carey anafika ku India mu 1793, ndipo munthu woyamba wa kumeneko kubatizidwa pa utumiki wake, Krishna Pal, anabatizidwa mu 1800. Mmishonale wina, Adoniram Judson, anafika ku Burma mu 1813 n'kudikira mpaka 1819 kuti abatize munthu woyamba wa kumeneko. Ku Atene komwe kuja ena anaseka atamva za kuuka kwa akufa, ena anati adzamvanso tsiku lina, ndipo ena anakhulupirira, mwa iwo Dionisiyo ndi mayi wina dzina lake Damarisi. Inu mwalankhula naye kamodzi kokha.

Simukuyenera kudikira kuti adzafunsenso. Mukapeza mpata wabwino, muli awiriwiri ndipo ntchito sikukuthamangitsani, mumuuze kuti, "Funso lija munandifunsa tsiku lija sindinaliyankhe bwino, ndinalankhula mawu athu a kutchalitchi. Mungandilole ndiyesenso? Koma poyamba ndiuzeni, inuyo za Yesu munamvapo zotani?" Mukatero mukhale chete, mumulole alankhule mpaka amalize. Mudzandilemberenso kuti ndimve zimene anayankha, ndipo pakadali pano ndikukupemphererani nonse awiri.