Mphamvu za komiti ya nzika pa bwalo la ndege

Mwafunsa ngati komiti ya nzika ingathe kuletsa phokoso la ndege m'dera lawo. Ku Santa Monica, m'chigawo cha California ku America, komiti yotereyi imangolangiza khonsolo ya mzinda, yomwe ndiyo mwini bwalo, pamene malamulo a kayendedwe ka ndege ali m'manja mwa bungwe la boma la America loyang'anira za ndege, lotchedwa FAA. Komabe ine sindingaipeputse, chifukwa ndi kumisonkhano yake kumene anthu oyandikana ndi bwalolo amakatula nkhawa zawo za phokoso logwedeza mawindo ndi utsi wolowa m'nyumba. Madandaulo a zaka zambiri anathandiza kuti mu 2017 mzindawo ugwirizane ndi FAA zofupikitsa msewu wonyamukira ndege kufika pa mafiti 3,500, ndiponso kuti udzakhale ndi ufulu wotseka bwalolo chaka cha 2028 chikadzatha.